Malovu a Amama

Bolero, Rumphi
17 Julayi 2023

Okondedwa achimwene a Hezron,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Blantyre. Kuno mphepo yochokera ku Nyika ikutiumitsa zala, koma tikudzuka.

Ndiyambe ndi kulapa. Chija munandiletsa pa Khirisimasi ndinachita. Phyllis, mnzanga uja amene ndi namwino ku Mangalande, atabwera kutchuthi anandibweretsera kabotolo koyezera DNA. Amama ndinawanamiza kuti n'koyezera shuga. Analavuliramo, Phyllis n'kupita nako.

Mukudziwa chimene chimandiwawa. Agogo a Simeon Gondwe anapita ku Bulawayo mu 1950 osadziwa kuti asiya agogo aakazi ali ndi pathupi, ndipo sanabwerenso. Amama atabadwa, abale a agogowo a ku Mwazisi anawerenga miyezi mwa njira yawo n'kunena kuti mwanayo si wa m'bale wawo. Agogo aakazi anabwezedwa kwawo khanda lili kumsana, ndipo anamwalira anthu akuwalozabe chala. Inu mumati zakale zisiyidwe. Koma pa maliro a chaka chatha ku Mwazisi inu kunalibe. Ine ndinamva a Manasseh, amene tsopano ndi mkulu wa banjalo, akuuza amama kuti, "Inu mukakhale uko kuli alendo." Mayi wa zaka 72, mkulu wa mpingo, anadzuka pamphasa n'kusuntha.

Zotsatira zinabwera mwezi watha. Zikuonetsa kuti amama ali ndi m'bale wapafupi kwambiri ku Bulawayo, dzina lake Muriel, amene naye anayezetsa pofunafuna kwawo kwa bambo ake. Ndinamuimbira foni. Ndisanatchule dzina lililonse, iye anati bambo ake anali telala, a Simeon Gondwe, anamwalira mu 1988, ndipo ankakonda kunena kuti kwawo n'kufupi ndi dambo la njovu. Achimwene, si Vwaza imeneyo, dambo lija lili kufupi ndi Mwazisi? Ananditumiziranso chithunzi cha bambo akewo.

Kuuza amama ndiye kunandivuta. Ndinawapeza akuswa mtedza pakhonde, ndinagwada n'kuulula zonse.

"Ndiye za shuga zija linali bodza?" anandifunsa.

"Linali bodza, amama."

"Iwe Dorica, wandipusitsa ngati mwana. Anakuuza ndani kuti ndikufuna umboni? Ine amama anga sindinawakayikirepo."

Masiku atatu sanandiyankhule. Tsiku lachinayi anandiitana. "Chithunzi chija ukuti anakutumizira, bwera nacho." Anavala magalasi, nayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako anati, "Makutu a Hezron awa." Analira, ine n'kulira nawo. Aka kanali koyamba kuona nkhope ya bambo awo.

A Manasseh ndinawatumizira uthenga. Ayankha kuti makina a azungu sadziwa za mtundu wa a Gondwe. Mwina akuopa kuti tikufuna munda. Sitikufuna ngakhale mzere umodzi. Tikufuna anene pamaso pa abale kuti agogo aakazi sanachimwe. Muriel afika pa 12 Ogasiti atanyamula chitupa chakale cha bambo ake, cholembedwa dzina la mudzi, ndipo m'mawa mwake tikwera pikapu ya ku Mwazisi. A Manasseh akakana pepala langa la zotsatira, akakanenso mwana amene a Simeon analera okha. Akatitsekera chitseko, tikakhala pabwalo mpaka atimve.

Ndikudziwa kuti mukwiya poti ndakudumphani inu mwana woyamba. Mundikhululukire, koma ulendowu sindiusiya. Pempho langa ndi loti mubwere mudzatitsogolere. Mukakana, tipitabe atatu.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amama akuti ndikupatseni moni, ndipo akusoketsa diresi. Dzulo ndinawamva kukhitchini ali okha akunena motsitsa kuti, "Mng'ono wanga, mng'ono wanga." Nditalowa anachita manyazi. Anati akuzoloweza lilime, chifukwa chibadwire sanaitanepo munthu choncho.

Yewo chomene, achimwene.

Ine mlongo wanu,
Dorica