Tebulo la Asewere Adalipanga Ndi Amuna Anga

Aphungu,

Mtima wanga uli m'mwamba, ngakhale chakudya sichikulowa. Amuna anga ndi kalipentala. Chaka chatha wamalonda wina adawauza kuti amupangire tebulo lalikulu la mlombwa, koma lioneke lakale chifukwa makasitomala ake amakonda zotero. Bambowa adalipanga bwinobwino, kenako nkulikwapula ndi tcheni, kuliboola timabowo ngati lofumbwa, nkulipaka vanishi woderako. Ine ndinkangoseka nkumati, "Lakulakwirani chiyani tebuloli?"

Tsopano mwana wathu wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa. Lamlungu tidakacheza kwa asewere, makolo a mnyamatayo. Tangolowa pabalaza, ndi ilo tebulo lija! Asewere aamuna amakonda kusonkhanitsa zinthu zamakedzana, ndipo ankalisisita ngati khanda. Adati, "Ili ndi la zaka zana, asewere. Taonani mmene lafumbwira! Ndidagulitsa njinga yanga yamoto kuti ndilipeze. Imeneyi ndi mphatso ya ana athu." Amuna anga adatsamwa ndi tiyi.

Choopsa nchakuti asewerewo apempha amuna anga kuti Loweruka adzaliyang'ane pamaso pa abale onse, monga mmisiri, nkutsimikiza zaka zake. Bambowa akuti, "Iwe, ndingovomera basi, zithe." Ine ndikuopa bodza, komanso ndikuopa zoona. Tikaulula, asewere sadzati tidapangana ndi wamalonda uja kuti tiwabere? Ukwati wa mwana wanga ungathere patebulo. Nditani?

Mayi T.N., kuseri kwa msika wa matabwa

Mayi T.N.,

Pepani, khoswe wakhaladi pamkhate. Koma musalole bambowo kuvomera. Tebulolo likukalowa m'nyumba ya mwana wanu, ndiye kuti bodzalo muzikadyera pamenepo moyo wanu wonse.

Choyamba, zengerezu adalinda kwawukwawu. Musadikire Loweruka. Pitani mawa, inu awiri nokha, mukawapeze asewerewo popanda gulu. Munthu amameza manyazi akakhala yekha, koma pagulu amawalavulira kwa amene ali pafupi.

Mukafika, bambowo asayambe ndi kupepesa ngati wakuba. Apemphe kuti aligadamitse tebulolo, asewere aone okha. Zaka za tebulo zimabisala kunsi, kumene vanishi safikako. Thabwa lopalidwa ndi manja kalekale limakhala ndi timizere tosafanana ukalisisita, pomwe la makina limasalala paliponse. Tizilombo tikaboola thabwa, njira zake zimakhotakhota mkati, koma bowo la kalipentala limangowongoka. Alowetsemo singano aone. Tebulo lakale limaperepeseka pamene anthu amatsamira zigongono ndi pamene amapondetsa mapazi, osati paliponse ngati lamenyedwa ndi matalala. Anunkhizenso kunsiko: thabwa la chaka chatha silinataye fungo lake.

Akaona zimenezi, ndiye bambowo anene poyera kuti, "Ndidalipanga ndine, ndidaligulitsa kwa wamalonda ngati latsopano longooneka lakale." Atchule wamalondayo, ndipo adzipereke kuwaperekeza kukadandaula. Apo asewere adzadziwa kuti muli mbali yawo.

Musaiwalenso kuti ukale ndi ubwino ndi zinthu ziwiri. Aligwedeze, aone ngati likutekeseka. Aone molumikizira miyendo. Ngati amuna anu ndi mmisiri monga mukunenera, tebulolo lilibe chilema china kupatula zipsera za tcheni. Ana angalandire mphatso yogula bambo wina, yopanga bambo wina, ndipo si banja lililonse lili ndi mwayi wotere.

Asewere akhoza kukwiya, mwina mlungu wathunthu. Aloleni, njinga yamoto si masewera. Koma chenjerani: wamalonda uja akadali moyo, ndipo pakamwa pake palibe loko. Tsiku lina akapanikizidwa adzatchula amene adalipanga. Asewere angakhululukire munthu amene adakwapula tebulo ndi tcheni, koma sangakhululukire amene adaimirira m'nyumba mwawo, pamaso pa abale onse, nkulumbira kuti ntchito ya manja ake omwe sakuidziwa.

Ndipo bambowo muwalande tcheniyo.

Aphungu