Achimwene, Akufuna Kumva kwa Mlimi

Nairobi, Kenya
14 Ogasiti 2021

Okondedwa achimwene a Festus,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ku Dzoole? Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Alamu anga a Faines anandiuza pa foni kuti tsopano akudya bwino, koma mtima wanga ukhala pansi ndikamva kwa inu, chifukwa inu simubisa. Kuno ine ndili bwino. Katemera woyamba ndinabayitsa mwezi watha, ndipo mkono unangotupa masiku awiri basi.

Kalatayi ndapatsira mayi Eveline, amene akubwera kwawo ku Mponela. Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani yake ndi yaitali, ndipo netiweki ya kwathuko imadula munthu asanamalize kuyankhula.

Mukudziwa kuti kupatula kuphunzitsa pa yunivesite, ndinenso mlembi wa bungwe lina. Mukandifunsa za bungweli ndimangoti ndi la aphunzitsi, inu n'kumaseka kuti ndi lija la okwera ndege. Lero ndifotokoze bwino. Ndi bungwe la anthu amene timafufuza ndi kuphunzitsa mmene mayiko amakhalirana: malonda, mapangano, mikangano ya m'malire. Tonse ndife ochokera m'mayiko osauka ndi amene akutukuka kumene, a muno mu Africa, ku Asia ndi ku South America. Tinaliyambitsa chifukwa mabuku ambiri a nkhanizi amalembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo ife timangotchulidwamo ngati anthu olandira thandizo.

Chaka chatha tinakonza msonkhano waukulu ku Maputo. Holo tinali titapeza, oyankhula atavomera. Mliri wa Covid utafika malire anatsekedwa, zonse n'kuthera pomwepo. Tinati tidikire kaye.

Ndiye mu Januwale chaka chino wapampando wathu, a Pulofesa Agustino a ku Mozambique, anadwala matendawa. Lachiwiri ananditumizira uthenga wondikumbutsa za kalata ya mamembala. Loweruka mkazi wawo anandiimbira kuti atisiya. Achimwene, munthu ameneyu ndi amene anawerenga kafukufuku wanga woyamba, n'kundibwezera mapepala atadzaza inki yofiira, kenako n'kundiimbira foni kuti ndisataye mtima. Kumaliro sindinapite. Ndinaonera pa kompyuta, anthu ochepa okha ataima motalikirana pamanda.

Patapita mwezi, a komiti tinakumana pa intaneti. Anayi mwa asanu ndi awiri ananena kuti bungwe liyambe laima mpaka mliri udzathe. Sindinawaimbe mlandu. Wina anali atangoika mkazi wake m'manda, wina yunivesite yake inali itatsekedwa chaka chathunthu. Koma ine ndinkaona kuti tikangoima, sitidzadzukanso. Ndinawapempha kuti andilole ndiyese msonkhano umodzi wa pa intaneti, ndipo ukakanika ine mwini ndidzalembe kalata yotseka bungwe. Anavomera, mwina pongofuna kuti ndileke kuwavutitsa. Mayi Judith a ku Ghana okha ndi amene anati agwira nane ntchitoyi.

Sizinali zophweka. Ku Indonesia kukamada, ku Peru kumakhala kukucha kumene, choncho kupeza ola loti aliyense akhale maso inali ntchito payokha. Tsiku loyamba, ndikutsegulira msonkhano, magetsi anazima kunyumba kwanga ndipo intaneti inathima nawo. Ndinathamangira kwa aneba laputopu ili m'manja, n'kumalizira mawu anga nditakhala m'khitchini mwawo, mapoto akuoneka kumbuyo kwanga. Mpaka lero anzanga amandiseka nazo.

Koma tamvani zimene zinachitika. Kumisonkhano yathu yakale tinkakhala anthu makumi asanu, chifukwa ambiri ankakanizidwa viza, ena ulendo unkawakulira. Pa uwu analowa anthu oposa mazana atatu. Mphunzitsi wina wa ku Nepal anayankhula ali m'galimoto panja pa chipatala chimene anagonekedwa bambo ake. Anati wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akulakalaka kubwera kumsonkhano wathu, ndipo anafotokoza momwe dziko lake linkadikirira katemera pamene mayiko olemera anali naye wotsala. Atamaliza, wa ku Bolivia anati kwawonso n'chimodzimodzi, wa ku Senegal naye chimodzimodzi. Anthu amene anali asanaonanepo anagwirizana zolembera limodzi buku. Nditatseka kompyuta tsiku limenelo ndinalira, ndikuganiza kuti a Agustino akanaona. Komiti yavomereza kuti bungwe lipitirire, ndipo andipempha kuti ndigwirizire mpando mpaka chisankho cha chaka chamawa.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Tsiku lomaliza la msonkhanowo, mayi Judith anatifunsa funso. Anati tatha masiku atatu tikukamba za alimi ndi amalonda a m'malire, koma palibe mlimi ngakhale mmodzi amene watsegula pakamwa pake. Anafunsa ngati ifeyo sitikuchita zomwezo timadandaulira azungu, zokamba za anthu eni ake kulibe. Ine manyazi anandigwira, chifukwa ndinakumbukira foni yanu ya chaka chatha. Munandiuza kuti fodya wanu anagulitsidwa inu kulibe, poti alimi sankaloledwa kulowa ku okushoni, ndipo mabelo awiri anabwezedwa popanda wokuuzani chifukwa chake. Munandiuzanso kuti feteleza munamulandira chimanga chitayamba kale chikasu, ogulitsa akumati katundu watsakamira kudoko la dziko lina. Ine ndinangoti pepani, n'kuyamba kufunsa za ana. Sindinazindikire kuti mukundiuza zomwe ndimaphunzitsa m'kalasi, ndipo mukuzinena bwino kuposa ine.

Pa 9 Okutobala, Loweruka, tili ndi msonkhano wina. Tagwirizana kuti oyamba kuyankhula asakhale mapulofesa. Pali mayi wogulitsa nsalu pamalire a Ghana ndi Togo, pali msodzi wa ku Sri Lanka, ndiye akufunanso mlimi. Achimwene, ndikupempha kuti mlimi ameneyo mukhale inu.

Ndikudziwa zimene munene. Munena kuti simunaphunzire, munalekera Fomu 2. Zimenezo sindingaiwale, poti munalekera kuti ine ndipitirize bambo atamwalira. Koma ine ndinakuonani pamsonkhano wa kalabu ya alimi, mukufotokozera mlangizi chifukwa chimene mbewu ija inakanira pamtunda pathu, mpaka iye anatulutsa kabuku n'kuyamba kulemba. Kutchalitchinso mukaimirira anthu sagona. Simudzafunika Chingerezi. Mudzayankhula Chichewa chathu chomwechi, ine ndizidzamasulira, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzakometsera kapena kuchotsapo mawu anu. Ngati pali pamene ife ophunzirafe timakunyansani, mudzanene pomwepo.

Ndi mphindi khumi ndi zisanu zokha, nthawi ya 2 koloko masana. Ndikudziwa kuti imeneyo ndi nyengo yothirira nazale, choncho mudzathirire m'mawa. Ndayankhula kale ndi a Bryson, ahedi a pasukulu ya pulaimale ija. Akuti muofesi mwawo netiweki imagwira bwino chifukwa ndi pamtunda, ndipo adzakubwerekani laputopu ndi kukuonetsani poyang'ana. Adzatsegula mawindo, ndipo simudzakhala anthu ambiri. Musavutike ndi kulemba chilichonse. Mudzangofotokoza za chaka chimenecho monga munandifotokozera ine.

Mukakana sindikwiya, ndipo tidzafuna wina. Pandondomeko ya msonkhano ndangolemba kuti mlimi wa ku Malawi, malo a dzina ndasiya opanda kanthu. Mukaganiza bwino mundiuze mwezi uno usanathe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Faines, kwa ana onse, kwa azakhali ku Chezi ndi kwa amalume a Benjamini kuphiri kuja ku Ntchisi. Nonse muzivala zotchinga pakamwa mukamapita kumsika ndi kumaliro. Amayi muwauze kuti malire akangomasuka bwino ndibwera. Ndipo ngati mwavomera, tsiku limenelo muwatenge adzakhale pambali panu muofesimo. Zaka zonsezi akhala akuuza anthu kuti ali ndi mwana wolima ndi mwana wophunzitsa, koma sanationepo tikugwira ntchito imodzi.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Rakele