Mabanja Asanu ndi Anayi a Kuseri kwa Phiri

Misuku, Chitipa

Okondedwa achemwali a Annette,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi ukupeza bwanji? Ine ndili bwino, kungoti mawondo akudandaula.

Nkhani ndi iyi: ku ukwati wa mlongo wathu Ivy sindibwera. Musayambe kukalipa, werengani kaye.

Kwathu ku Mchinji ukaima pachulu, mudzi wonse umauona. Kuno ayi. Banja lililonse lili pamtunda pakepake, nyumba itabisika m'nthochi ndi khofi. Mnzako umamuona kutsidya, mpaka kupatsana moni mokuwa, koma kuti ukamugwire chanza ndi ola lathunthu: kutsetsereka, kuwoloka mtsinje, kukweranso. Njinga yanga inasanduka choyanikapo zovala.

Mwezi watha akuchipatala anatituma ife alangizi a zaumoyo kukalemba mabanja oti alandire maneti a udzudzu. M'mudzi wina pafupi ndi nkhalango ya Mughese ndinalemba mabanja 34, anthu 162. Nditafika pamwamba pa phiri ndinangoona mitengo yokhayokha, ndiye ndinati mudzi wathera pomwepa, n'kubwerera.

Dzulo kunabwera mayi wina, a Mwiza Kayange, mwana kumbuyo, atayenda maola atatu. M'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka anandifunsa ngati iwo a kuseri kwa phiri lija anachotsedwa m'mudzimo, komanso anawachotsa ndani. Kuseriko kuli mabanja asanu ndi anayi, m'chigwa chotentha, kumene kuli udzudzu weniweniwo. Mayiwo sanakalipe n'komwe. Manyazi anandigwira, achemwali, ndinasowa poyang'ana.

Mafomu owonjezera afika Lachisanu la sabata ya mawa, ndipo Lolemba lake mayina onse apita ku Boma. Amene sanalembedwe salandira neti, pamene mvula yayandikira. Choncho Loweruka la pakatipo, lomwe ndi la ukwatilo, ine ndidzakhala ndikutsetserekera kuchigwako, khomo ndi khomo.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti ndine ndimayenera kumuperekeza Ivy m'tchalitchi m'malo mwa malemu bambo, ndipo zikundiwawa kwambiri. Kapempheni amalume a Edward kuti adzamugwire dzanja ndiwo. Kwa Ivy mwiniwakeyo musapeke zoti ndadwala. Mumuuze zoona zake: mchimwene wake analakwitsa ntchito, ndipo palibe wina wokakonza.

Moni kwa amayi, amalume, azakhali, alamu ndi ana onse. Mkwati mumuuze kuti ndidzamuona pa Khirisimasi.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Amos