Ndinagwa Mwana Ali Kumbuyo

Okondedwa achemwali Keti,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Kuno ku Ngala ana ali bwino, Tione wamera mano. Koma ine chizungulire chija sichikutha. Lachiwiri ndinagwa ndikuchapa kunyanja, Tione ali kumbuyo. Mkulu wake Talandira ndiye anathamanga kukaitana anthu, akulira. Chigwereni ndikuopa kumubereka mwanayu, ndiye amangondikoka chitenje tsiku lonse.

Kuchipatala anandiyeza magazi. Adokotala anandifunsa kuti, "Amayi, muli ndi wachibale wamkulu woti tilankhule naye?" Bambo a Talandira amalawirira kukadula nzimbe ku Dwangwa, ndangowauza kuti ndi malungo.

Achemwali, bwerani Lachisanu tikamve limodzi zotsatira. Kodi m'chipinda chanu cha alendo chija mukugona munthu? Anawa sadya zambiri.

Ndine mng'ono wanu,
Liness