Cholembera Chofiira cha Madamu

Lolemba, 9 Juni

Kainjini wagona. Ndilembe msanga asanadzuke, poti mwana ameneyu akayamba kulira ndi sitima yeniyeni, saima pena paliponse.

Buku la Madamu labwera lero. Si buku lenileni ayi, ndi mapepala omangidwa ndi mphira, akuti aonemo zolakwika osindikiza asanapange ambirimbiri. Koma mmene analilandirira pageti, ukanati ndi mdzukulu wochokera kuchipatala. Mpaka kulinunkhiza. Kenako akundiuza kuti ndisambe m'manja ndisanaligwire, ine yemwe ndimawaphikira tsiku ndi tsiku osandifunsapo za m'manja.

Ndi buku lawo loyamba. Zaka makumi atatu ali mu ofesi, atapuma ntchito anangoyamba kukwera masitima, uku ndi uku. Kulibe maliro, kulibe ukwati, kungokwera basi. Ndiye alemba zonse zimene anaona m'njira. Anthu tinasiyana. Ena timakwera sitima pothawa, ena poti kunyumba kwawatopetsa.

Akuti inenso ndilimo, nkhani yachisanu ndi chiwiri. Ananena akuseka, ine nkusekanso. Nthabwala za mabwana umaseka kaye, kumvetsa pambuyo.

Lachiwiri, 10 Juni

Si nthabwala.

Madamu atapita kokonzetsa tsitsi ndinamasula mphira uja. Kuwerenga ndimatha, ndinafika Sitandade 6, kungoti ndimayenda ngati sitima ya katundu. Tsamba 61 mpaka 72. Ndine ndithu. Mmene ndinakwerera ndi kajumbo kamodzi ndi mwana wa miyezi itatu. Mmene anandigulira tiyi. Masiku awiri tili mpando woyang'anana, pomaliza nkundiuza kuti tiye kwathu ukandithandize ntchito. Izo nzoona, ndipo sindiiwala.

Koma mabodza ake! Akuti maso anga anali ngati a gwape wothamangitsidwa ndi agalu. Gwape wake uti? Linali tulo. Akuti ndinalira njira yonse. Sindinagwetse ndi dontho lomwe, analira ndi iwowo chitseko cha kuchimbudzi chitawapana chala. Akuti m'bogi monse munkamveka fungo la chiyembekezo. Munkanunkha matewera a Kainjini ndi mapazi a abambo ena ake amene anavula nsapato tisananyamuke nkomwe.

Ndinaseka mpaka tsamba 66. Pamenepo kuseka kunatha.

Dzina langa asintha, andipatsa lina lokongola ngati la namwino. Zina zonse asiya mmene zilili. Siteshoni yomwe ndinakwerera. Mwezi wake. Siteshoni yomwe tinatsikira. Nyumba ino, geti lobiriwira moyang'anana ndi chipatala cha mano. Ndiponso kachala. Kainjini ali ndi kachala kowonjezera kudzanja lamanzere, ka kwawo kwa bambo ake, onse kumeneko ali nako. Madamu akalembera mizere isanu ndi umodzi.

Bambo ake a Kainjini sindiwalemba dzina ngakhale m'kope lino. Ndi Uja basi. Tsiku lomwe anandithyola dzino anandiuza kuti iwe pita, akazi ndi ambiri, koma mwanayo ndi magazi anga, ndidzamutenga ngakhale ukabisale m'mimba mwa amako. Chaka chatha chathunthu asakudziwa komwe tili.

Mphika wapserera ndikulemba izi.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinayesa kuwauza mmawa ndikuwapatsa tiyi. Ndinati Madamu, nkhani ija bwanji Uja akaiona. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkufunsa ngati mwamuna wangayo anawerengapo buku chibadwire. Pamenepo sananame. Uja sawerenga ndi botolo la mankhwala lomwe. Anati usadandaule mwanawe, dzina ndinasintha, ndakusandutsa munthu wa m'buku, anzako amalakalaka zimenezi. Mtima unatsikako pang'ono.

Masana foni inalira, anabwera kukhitchini akuvina ndi chiuno chodwala chija. Akuti akuluakulu a njanji avomera, buku lizidzagulitsidwa m'bogi yodyeramo. Sitima yake iti? Yomweyo.

Achimwene ake a Uja ndi oboola matikiti m'sitima imeneyo. Tsiku lothawa ndinachita kuwerengera kuti sali pantchito. Munthu amene uja amawerenga chilichonse, nyuzipepala yokulungira sopo amaiwongola pabondo nkuimaliza. Ndipo kachalako iyenso ali nako.

Ndinatsegula pakamwa, foni inaliranso.

Atamaliza anandionetsa chikuto cha buku pafonipo. Ndine, anandijambula chakumbuyo nditaima pazenera, Kainjini ali kumsana. Akuti taona, nkhope siikuoneka. Nkhope ya chiyani? Nsalu ndinaberekerayo, ya nsomba zachikasu, anagula ndi Uja, nkuidula pakati, theka langa theka la apongozi. Mpaka lero apongozi amapita nayo kutchalitchi.

Madzulo anakhala patebulo ndi cholembera chofiira. Ine ndikusesa malo amodzimodzi, maso ali papepala. Anandiona nkuyamba kundiphunzitsa, poti kuphunzitsa amakukonda. Akuti ukadula mzere nkukhotetsa kamchira kumapeto, osindikiza amadziwa kuti pamenepo achotse. Safunsa. Chofiira ndi lamulo.

Akuti mawa ndikapereke mapepalawo ineyo, iwo ali ndi msonkhano.

Lachinayi, 12 Juni

Ndachita.

Cholembera ndinachibisa m'mbereko. Ndinatsika minibasi siteji imodzi ndisanafike, nkukhala pakhonde la shopu yotseka, Kainjini ali pabere kuti akhale chete. Ndinadula masiteshoni onse awiri. Geti. Chipatala cha mano. Kachala, mizere yonse isanu ndi umodzi. Paliponse ndimaika kamchira bwinobwino. Poti cholembera chinali kale m'manja ndinadulanso gwape uja. Ndime ina inali yaitali kwambiri, ndiye ndinangoizunguliza nkulemba pambali zoti achite.

Kosindikiza kuli phokoso ngati kuchigayo. Mwini wake ndi bambo wamfupi, magalasi omangidwa ndi ulusi, zala zakuda bii. Ine ndawatcha a Inki. Analandira mapepala osawatsegula nkomwe, nkundiuza kuti amayi, mukawauze abwana anu kuti aka kakhale komaliza, makina anga atopa ndi makoma ndi mafulusitopu awo osunthasuntha.

Za chikuto sindinapeze nzeru. Chithunzi sungachidule ndi kamchira.

Cholembera ndabweza m'kapu momwe chimakhala. Madamu afunsa ngati zayenda bwino, ndati zayenda. Kuba sindinabepo, koma lero ndikumva ngati ndaba nkhuku ndipo ikulira m'malaya.

Lachisanu, 13 Juni

Andigwira. Chondigwiritsa ndi ulemu.

A Inki anabwera okha panjinga yamoto, mapepala ali m'jekete. Ine ndinabweretsa tiyi pabalaza, ndikufuna kutuluka anati amayi, takhalani kaye. Anatsegula tsamba 68 nkuwaonetsa Madamu. Pambali, ndi chofiira: Chotsani izi chonde.

Anati agwira ntchito ndi Madamu miyezi isanu, alandira zolemba zofiira zodzaza thumba, koma mawu akuti chonde sanawaonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ataona pamenepo anadziwa kuti m'buku mwalowa mlendo. Akutinso timichira tanga tikuloza kumanzere pomwe ta Madamu timaloza kumanja. Ndiponso zochotsedwazo zachuluka, masamba aperewera, poti iwo amapinda pepala limodzi lalikulu kukhala masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, sungangozula ngati udzu.

Madamu sanakuwe. Bola akanakuwa. Anavula magalasi nkuwaika patebulo pang'onopang'ono. Anati zaka zinayi akulemba buku limeneli, ndipo palibe anaikamo dzanja, ngakhale mng'ono wawo amene ali ndi madigiri. Anati iwe, ndinakutola m'sitima ulibe ndi sopo yemwe.

Sindikudziwa mawu anachokera kuti. Ndinali chogwada, thireyi ili m'manja.

"Munanditola, inde Madamu, ndipo ndimathokoza. Koma tsopano mukundikwezanso sitima yomweyo, adilesi mutandimata pamphumi."

Kenako zonse zinangotuluka. Za achimwene ake a Uja ndi matikiti. Za nsalu ya apongozi. Za kachala ka banja lonse. Dzino ndinachita kuwaonetsa pomwe linali, poti iwo m'buku analemba kuti ndili ndi kampata kokongola kobadwa nako.

A Inki nthawi yonseyi akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani. Anamwa tiyi yense, nkunena motsitsa kuti zamkati zikhoza kusinthidwa, koma zikuto anasindikiza kale Lachiwiri, zili m'makatoni, ndipo mwambo wokhazikitsa buku ndi Loweruka la sabata yamawa. Madamu anaimirira, nkulowa kuchipinda, nkutseka.

Potuluka a Inki anagwira kadzanja ka Kainjini, nkuwerenga tizala. Anangoti, "Sikisi ndithu," nkuliza njinga yawo.

Loweruka, 14 Juni

Sakundilankhula. Chakudya ndaika pakhomo pa chipinda, chabwerera chimodzimodzi, angodyapo nthochi.

Ndalongedza kajumbo kaja. Tsopano sikakukwana, Kainjini ali ndi katundu wambiri kuposa ine, zonse ogula ndi Madamu omwewo. Koma ndipita kuti? Chopita kutali kuno ndi sitima yokha, ndipo m'sitimamo ndi momwe muli vuto.

Ndinawamva pafoni ndi mng'ono wawo, ndikukolopa m'khonde pafupi ndi chitseko. Kukolopa kwake kunatenga nthawi. "Ndiyo nkhani yabwino kuposa zonse. Ndikaichotsa mutsala chiyani, mitengo ya pazenera?" Atamvetsera anati, "Ayi, sindinamufunse. Ndimayesa asangalala."

Lamulungu, 15 Juni

Cha m'ma 10 wina anagogoda pageti. Mawu a mwamuna, okhuthala. Sindikukumbuka kuthamanga. Ndinangopezeka ndili m'bafa kuseri kwa chitseko, nditakhala pansi ponyowa, dzanja lili pakamwa pa Kainjini.

Anali wogulitsa matsache.

Anatsegula bafa ndi Madamu, atanyamula tsache latsopano. Anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama, ndi chiuno chawo chija, nkuchotsa dzanja langa pakamwa pa mwana chala chimodzichimodzi, poti ine ndekha limakanika kuchoka. Buku silinatuluke nkomwe, koma ine ndafika kale pothawa matsache.

Lolemba, 16 Juni

Anandiitana nditangomaliza mbale za mmawa. Patebulo mapepala aja ndi cholembera chofiira. Ndinafuna kugwada, anati khala pampando. Pampando wa alendo! Anakankhira cholembera kwa ine.

Anati nkhaniyo siichoka, ndiyo msana wa buku, ndipo ndisayerekeze kuwapempha. Koma ndiwerenge mokweza kuyambira 61, paliponse pondiopsa ndidule ndekha, iwo aikapo zina zofanana kutalika kuti a Inki asalire ndi masamba awo. Timichira tiloze kumanja. Ndipo mawu akuti chonde asawaonenso.

Tinatha maola atatu, poti sitima ya katundu ija. Masiteshoni asintha. Mwezi wasintha. Geti lasanduka mpanda wa maluwa, chipatala cha mano chasamuka. Kainjini tsopano ndi mwana wamwamuna wa miyezi isanu ndi itatu, iye osadziwa, ali pansi pa tebulo akudya mphira wa buku. Titafika pa kachala Madamu anagwira pamtima. Akuti mizere imeneyo anailemba sabata yathunthu, ndi yabwino kuposa yonse m'bukumo. Ndinadikira. Anatembenukira kuzenera nkuti dula msanga ndisaone.

Nditafika polira paja ndinadulanso. Anati pamenepo pakuopsa chiyani? Ndinati sipakuopsa, kungoti sindinalire. Tinakangana ngati pamsika. Pomaliza misozi yachoka, koma gwape watsala, akuti ndiwasiyireko kanthu kamodzi. Chala chopanidwa ndi chitseko akana kuchiikamo.

Anawaimbira a Inki ine ndili pomwepo. Mwambo wasunthidwa ndi masabata atatu, zikuto zakale asazitulutse m'makatoni mpaka apite okha akaone zikudulidwa. Mawu a a Inki amamveka mpaka kukhitchini. Kenako anaimbira mng'ono wawo kuti auze oitanidwa onse. Pamenepo mawu anawathera pang'ono, poti diresi anasoketsa kale.

Chatsala chithunzi. Akufunabe mayi wobereka mwana pazenera. Ine ndinati msana wanga ayi, ngakhale nsalu isinthe. Anaganiza, nkulowa kuchipinda, nkutuluka ndi pilo ndi nsalu ya patebulo.

Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wakwera masitima a mayiko anayi, kubereka sadziwa. Ana awo ankabereka ndi antchito. Pilo anagwa kawiri. Ndinawauza kuti weramani, anawerama. Ndinati weramanibe, simukupereka moni kwa abusa apa. Ndinamuika pilo pamsana, nkukoka nsalu, nkumanga pachifuwa mpaka anati ndikufa. Ndinati mwana amamangidwa choncho, mukafuna kuthamanga naye.

Anaima pazenera la m'khonde, dzuwa likuwala kutsogolo kuti kunja kusaoneke. Anandipatsa foni, nkundionetsa podina.

"Ndikuoneka ngati wothawa?"

Ndinati ayi, mukuoneka ngati mukudikira tiyi. Tsitsani phewa, musayang'ane kunja, mverani kumbuyo ngati wina akubwera m'bogi.

Anatsitsa phewa. Dzanja lawo linapita lokha kumbuyo kukagwira pilo uja.

Ndinadina.