Laisoni wanu wagwetsa thirakitala

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno tilipo, ine Esinati wanu ndi adzukulu anu onse. Chaka chachiwiri chino chikusiyireni kumanda ku Khwethemule, koma ndikamva chinthu ndimayambabe ndaganiza kuti ndikawauze amayi. Giresi, mwana wanga woyamba uja, anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, chipumi chake ngati chanu. Nandolo chaka chino anachita, chimanga ndiye ayi. Nthochi zanu za kuseri kwa nyumba zinagwidwa chisaka, tinazula zonse. Kalongonda ndimaphika, koma ana amati sakoma ngati wa agogo. Nkhuku zinatha ndi chitopa, yatsala imodzi yakuda ija.

Ndikudziwa kuti mwandigwira kale. Paja munkati munthu akayamba nkhani ndi nkhuku, udziwe kuti mbuzi yafa. Ndi zoona, amayi. Nkhani ndi ya Laisoni, chitsirizira wanu.

Mukukumbuka mmene munavinira tsiku limene anamulemba ntchito yoyendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi. Munati m'banja mwathu mwapezeka mmodzi wosabereka dengu kumsana. Mukukumbukanso kuti mukamumva fungo munkamukhazika pakhonde n'kumuuza kuti botolo lili ndi khosi koma lilibe mutu, amene walitsatira amaperekapo wake. Inu muli moyo ankamwa mobisa. Mutapita anasiya kubisa. Kachasu wa kuseri kwa malayini, nyumba za antchito zija, ndiye anawonjezapo chamba. Mlamu Rozi, mkazi wake, analankhula mpaka kutopa. Ine ndinalankhula. Akapitawo anamuchenjeza. Iye ankangoseka, ati thirakitala imadziwa yokha njira ya kufakitale.

Linali Lolemba, titangolandira kumene malipiro. Kunyumba sanagoneko, ndipo anthu akuti m'mawa anadzeranso komweko kukachotsa matsire. Masana titayeza masamba pasikelo, anakweza matumba m'ngolo. Mukudziwa kuti saloleza kukweza anthu, koma madalaivala amawamvera chisoni achikulire. Anakwera aFelesiya, mnzanu wa kukwaya uja, chifukwa maondo ankawavuta. Anakweranso Mele, kamtsikana kamene kanali katangoyamba kumene kuthyola.

Ine ndinali m'munda wa kumtunda. Ndinamva thirakitala ikutsika chitunda cha kumlatho ndi liwiro limene sindinalimvepo, kenako chiphokoso, kenako zii. Tinataya madengu n'kuthamanga. Ngolo inali itagudubuzika, matumba ataphulika, msewu wonse uli biriwiri ndi masamba. Mele ankakuwa, mkono utapanikizika. AFelesiya sankakuwa. Azibambo atanyamula ngoloyo tinawapeza pansi pake, atatisiya kale, nsalu yawo ya kutchalitchi ija ali chimangire m'chiuno.

Laisoni anaponyedwa m'ngalande, mwendo utathyoka. Mmene ankamutulutsa ankafunsa kuti nsapato yake ina ili kuti. Wina anati mwina mabuleki anakana, ndipo mtima wanga unathamangira mawu amenewo. Koma pomunyamula, kabotolo kanagwa m'thumba la jekete n'kugubuduka mpaka pakati pa msewu. Palibe amene anakatola. Anthu anangoyang'ana kabotoloko, kenako anayang'ana ine. Amayi, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala pa Boma. Ndinamupeza atamuika chikhakha, wapolisi atakhala pambali pa bedi. Atandiona anati, "Achemwali, kodi thirakitala yawonongeka kwambiri? Andichotsa ntchito eti?"

Ndinati, "Sanakuuze?"

Anati, "Akuti ndachita ngozi. Ine ndikukumbuka tikukweza matumba basi."

Wapolisi uja anayang'ana kuzenera. Ndinaona kuti ntchitoyo andisiyira ine. Ndinati, "Laisoni, unanyamula anthu. Mele amudula mkono. AFelesiya amwalira."

Anati, "AFelesiya ake ati?"

Ndinati, "Amene anasambitsa amayi."

Anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa kumutu. Analira ngati mmene ankalirira ali mwana, koma ine sindinamugwire. Ndinasiya phala pakatebulo n'kutuluka. Mwina mundidzudzula, koma manja anakana.

Kumaliro ndinapita, ngakhale ena anati ndisapite. Ndikanakhala bwanji? Inu mutadwala, aFelesiya ndiwo ankabwera kudzakutembenuzani ine ndili kumunda. Mutatsirizika ndiwo anakutsekani maso, ndiwo anayambitsa nyimbo pamene ine mawu anali atandithera. Ndinafika n'kukhala kuseri kwa khitchini, pafupi ndi dzala, chitenje kumutu. Amayi a kukwaya ankadutsa osandiona, kapena ndinene kuti ankandiona bwinobwino. Abusa polalikira sanatchule dzina, anangoti mowa wadya mayi wosamwa. Mpingo wonse unati mmm. Ine ndinawerama mpaka khosi kuwawa.

Kenako Lute, mwana wamkulu wa aFelesiya, anabwera n'kuima patsogolo panga. Ndinati basi, andithamangitsa, ndipo akulondola. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali psuu. Anati, "Esinati, mbale zikusowa wotsuka uko. Amayi ako pamaliro ankakhala pansi chonchi?" Ndinadzuka, ndinatsuka mbale mpaka anthu onse atabalalika. Musaganize kuti anandikhululukira. Kuchokera tsikulo tikakumana sandipatsa moni, ndipo ine sindimudandaula. Koma tsiku limenelo anandipatsa pobisa nkhope.

Mlandu unazengedwa, Laisoni sanakane, pano ali kundende. Mwendo unapola mokhota. Ntchito inatha, nyumba ya kumalayini anaitenga, Rozi ndi ana ake ali kwanga, tikugona mothithikana. Mwana wake wamkulu anakana sukulu kwa kanthawi chifukwa anzake ankamuyimba kuti mwana wa dalaivala. Ndinamuperekeza ndekha mpaka anazolowera.

Kuntchito palibe amene amanditukwana. Bwenzi zili bwino akanatukwana. Tikakhala pamthunzi kudikira sikelo, nkhani imangozima ndikafika. Akamva thirakitala ikubwera, amayi amakokera madengu awo kutali ndi msewu, ndipo ine ndimakokanso langa. Mele ndimamuona pamsika, dzanja la bulauzi atalipinda n'kulimanga ndi pini. Tiyi amafuna manja awiri, inu mukudziwa, ndiye ntchito yake inathera pomwepo. Akugulitsa tomato wa azakhali ake. Poyamba ndinkazungulira njira ina. Masiku ano ndimagula kwa iye, iye amandiikira m'jumbo ndi dzanja limodzi, tonse maso pansi.

Nthawi zina ndimathokoza Mulungu kuti munapita musanaone zimenezi, kenako ndimachita manyazi ndi kuthokozako. Munkati mwana akanyera pabwalo, wosesa ndi mayi. Inu kulibe, tsache lagwera ine, ndipo sindidziwa kusesa kwake.

Pali chimodzi chimene ndikupempha. AFelesiya ali kumeneko tsopano, ndipo ndikudziwa kuti munawalandira ndinu, mwina musanadziwe chimene chawabweretsa. Tsopano mwadziwa. Ine ndayesa kufuna mawu oti ndiwauze, pamanda pawo ndafikapo, koma pakamwa pamangouma. Inu munkadziwana nawo kuyambira muli atsikana. Muwauze ndinu. Musamuikire kumbuyo Laisoni, ngakhale ndikudziwa kuti mtima wanu ufuna kutero. Mungowagwira dzanja.

Ine kuno ndikulonjeza ziwiri. Munda wa aFelesiya wagonera, Lute sangathe yekha ndi ana amene amayi ake ankalera. Mvula isanagwe ndikalowamo ndi khasu, andilankhule asandilankhule. Ndipo kundende sindinapiteko chimutsekereni. Rozi amapita yekha, akabwera amati mlamu, akukufunsani. Loweruka likubwerali ndipita. Sindikudziwa ngati ndikathe kumuyang'ana kumaso, koma ndikamutengera chinangwa chophika, ndikakhala naye mpaka atatitulutsa. Ndi wanu, ndipo winanso woti amutchule mlongo palibe.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati