Tsiku Limene Ndinawakana Bambo Mahmood

Lachinayi, 3 Julaye 2025

Shifiti ya m'mawa kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston. Munthu watsopano m'chipinda 12. Manija akuti matenda oiwala anawalanda Chingerezi, akungolankhula zosamveka. Ndalowa ndi tiyi, ndamva Chichewa. Cha ku Limbe chenicheni. Bambo Mahmood, Mmwenye wobadwira kwathu, amene anandisunga m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo yawo nditangofika mu Leicester mu 2003. Atha thupi, ndevu mbuu. Andifunsa ngati mvula yagwa ku Thyolo. Sanandizindikire. Ndipo ine mtima pansi kuti sanandizindikire. Mulungu andikhululukire.

Loweruka, 5 Julaye

Mwana wawo Tahera anabwera ndi masamusa. Ndinabisala kochapira zovala mpaka atapita. Ine, mayi wa ana awiri, zaka 47, kuseri kwa makina ochapira.

Lolemba, 7 Julaye

Zaka makumi awiri chiphulikireni mabomba ku London. Pa TV maluwa, mayina a omwalira. Ndatuluka m'chipinda chochezera.

Ndilembe basi. Sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga Gracian.

Tsiku lija tinaonera pa TV kuntchito. Basi yofiira itang'ambika denga. Aliyense pa foni kusaka abale. Madzulo, m'basi yobwerera kunyumba, anthu duu. Bambo Mahmood anakwera ndi chikwama chachikulu, kachipewa kawo koyera kachisilamu kumutu. Amuna awiri anawaimirira. Ati atsegule chikwama, mwina muli bomba. Anyezi, tsabola, mpunga, zonse mbwee pansi. Mmodzi anawalavulira pa jekete.

Iwo anandiona. "Keturah mwanangu, auze kuti umandidziwa."

Basi yonse maso pa ine. Ndinayang'ana pawindo. Ndinadina belu n'kutsika pamalo posakhala panga. Sabata yomweyo ndinasamuka, makiyi ndinawalowetsera pa kabowo ka makalata iwo ali kumzikiti.

Zaka zonsezi ndadziuza kuti ndinkaopera mapepala anga okhalira m'dziko muno. Bodza. Mapepala anali bwinobwino. Sindinkafuna kuti andiwerengere pamodzi ndi iwo.

Lachitatu, 9 Julaye

Ndawasambitsa, ndawapesa ndevu. Kenako ndakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwauza zonse, basi, anyezi, makiyi. Ndanena kuti mtsikana wa m'basi uja ndine. Amvetsera mpaka kumapeto, maso pa manja anga. Kenako akuti, "Nanga mtsikanayo anafika bwino kwawo? Kunja kunali koopsa tsiku limenelo."

Ndapita kuchimbudzi kukatsegula madzi kuti anzanga asandimve.

Lamulungu, 13 Julaye

Kutchalitchi sindinapite. Ndauza Gracian kuti mutu.

Lachiwiri, 15 Julaye

Tahera wandipeza pakhonde, pothawira panalibe. Wawerenga dzina pa baji yanga, ngakhale anali atandidziwa kale Loweruka lija. Anandiona ndikulowa kochapira.

Za m'basi akuzidziwa. Jekete ija anachapa ndi iyeyo, ali ndi zaka 19. Akuti bambo ake anamuletsa kundifunafuna, ndipo kachipinda kaja sanaikemo munthu mpaka Khrisimasi, ati mwina ndibwerera.

Ndayamba kupepesa. Wandidula. Walankhula m'Chingerezi, mosamwetulira: "Zokhululuka sindinafikepo. Koma bambo anga akundiuza zinthu tsiku lililonse, ine Chichewa ndimangotolamo mawu awiri atatu. Madokotala akuti nthawi yachepa. Mawa mukhale pakati pathu, muzindimasulira. Zonse, osasankha."

Ndavomera. Chilichonse chimene anganene chidutsira pakamwa panga, ngakhale chonena za ine.

Mawa linali tsiku langa lopuma. Ndapempha manija andiike pa shifiti.